LILIAS TROTTER: MAI AMENE ANALI KUPEMPHERA ATATSEGULA MASO

Werengani: Mateyu 6:25-34 ndi Yohane 12:24

Amai anzanga mwa Ambuye, ambiri a ife tinaphunzira tikali ana kuti popemphera munthu amapinda manja ndi kutsinzina. Mwambo umenewu ndi wabwino, cifukwa umathandiza kuti maganizo asayendeyende. Koma m'kope lino tikubweretserani mbiri ya mai wina amene kwa zaka 40 anali kuyamba pemphero lake atatsegula Baibulo, atatsegulanso maso. Anali kuyang'anitsitsa duwa, njere kapena njuci, n'kuijambula mofatsa m'kabuku kake. Cimene wacionaco anali kuciika pafupi ndi Mau a Mulungu kufikira mtima wake utapeza coyankhula ndi Ambuye. Dzina lake ndi Lilias Trotter. Anabadwira ku England, koma zaka zake zambiri za nchito anakhala kuno ku Africa, m'dziko la Algeria, ndipo anamwalirira komweko.

Mbiri yake ikukhudzani inu amene muli ndi luso m'manja mwanu ndipo mumadzifunsa kuti Mulungu analiperekeranji. Ikukhudzaninso inu amene mwagwira nchito ya Ambuye zaka zambiri koma zipatso zake sizikuoneka.

Mwana wa m'nyumba ya mwanaalirenji

Isabella Lilias Trotter anabadwa pa 14 July 1853 mu mzinda wa London. Atate ake, a Alexander Trotter, anali munthu wacuma amene nchito yao inali yogula ndi kugulitsa masheya a makampani. Banja lao linali la mpingo wa Anglican. Lilias sanapite ku sukulu monga ana ena, popeza aphunzitsi anali kubwera kudzamuphunzitsa kunyumba. Kuyambira ali wamng'ono anali ndi diso loona kukongola kwa zinthu, ndipo anadziphunzitsa yekha kujambula.

Ali ndi zaka 12 atate ake anamwalira. Cuma conse ca m'nyumba ija sicinathe kumutonthoza. Pa nthawi ya cisoni imeneyi mtsikanayu anayamba kufunafuna Mulungu payekha, ndipo pemphero linakhala pothawira pake. Inu amene mukulera ana amasiye, musaganize kuti mwana wa zaka 12 ndi wamng'ono kwambiri kuti Mulungu ayankhule naye.

Atakula anayamba kupita ku misonkhano ya citsitsimutso imene inali kucitika ku England m'zaka za m'ma 1870, imene inali kuphunzitsa za moyo wodzipereka kwathunthu kwa Kristu. Mu 1875, pamene mlaliki wa ku America Dwight L. Moody anacititsa misonkhano mu London, Lilias anali mmodzi wa anthu odzipereka kuceza ndi kupemphera ndi amene anali kufuna kutembenuka mtima.

Kalata ya ku Venice

Mu 1876 Lilias ndi amai ake anapita kukaceza ku Venice, m'dziko la Italy. Mu hotela imene anafikira munalinso John Ruskin, mphunzitsi wa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Pa nthawi imeneyo mau a Ruskin anali olemera kwambiri ku England konse. Akayamikira wojambula zithunzi, dzina la munthuyo linali kukwera. Amai a Lilias analimba mtima, namulembera kakalata, natumiza pamodzi ndi zithunzi zingapo za mwana wao.

Ruskin anali atanena kale poyera kuti munthu wamkazi sangakhale wojambula weniweni. Ataona zithunzi zija anasintha maganizo. Anayamba kumuphunzitsa Lilias, ndipo anali kumuitana kunyumba kwake ku Brantwood, kumpoto kwa England. Anadabwa kuona kuti ciri conse cimene anamuonetsa kamodzi, mtsikanayu anali kucigwira nthawi yomweyo.

Mu 1879 Ruskin anamuuza zimene zinali kumtima kwake. Anati Lilias angathe kukhala wojambula woposa onse a m'nthawi yake, ndi kuti nchito zake sizidzaiwalika. Koma panali lamulo limodzi: adzipereke kwathunthu ku luso lojambula, asiye zina zonse.

Mapanga awiri

Zina zonsezo zinali ciani? Lilias anali atayamba kale kugwira nchito ndi bungwe la atsikana acikristu la YWCA pa Welbeck Street mu London. Tsono anaima pa mphambano. Anali ndi zaka 25. Mbali imodzi kunali kuchuka ndi nchito imene anali kuikonda ndi mtima wonse. Mbali ina kunali atsikana osauka amene palibe anali kuwalabadira.

Masiku amenewo anali owawa kwa iye. Anapemphera, analira, nasinkhasinkha Mateyu 6:33, pamene Ambuye Yesu atiuza cimene tiyenera kuyamba kucifuna. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Lilias anaona kuti sangathe kudzipereka ku zojambula m'njira imene Ruskin anali kufuna ndi kuikanso Ufumu wa Mulungu patsogolo. Conco anakana.

Apa timvetsetse bwino, amai. Lilias sananene kuti kujambula ndi ucimo, ndipo sananene kuti Mkristu ali yense wa luso ayenera kulisiya. Ici cinali ciitano cake ca iye mwini. Cimene anakana ndi kulola luso kukhala mbuye wake. Kaburashi ndi utoto sanazitaye. Ruskin anakhumudwa kwambiri, komabe awiriwa anapitiriza kulemberana makalata zaka zambiri. Ruskin anamwalira mu 1900.

M'miseu ya London usiku

Atasankha njira yake, Lilias anagwira nchito ndi mphamvu zake zonse. Usiku anali kuyenda m'miseu ya pafupi ndi sitesheni ya sitima ya Victoria, kumene atsikana anali kudzigulitsa cifukwa ca umphawi. Anali kuceza nao, kuwapezera pogona pabwino, ndi kuwathandiza kuphunzira nchito ya manja yoti adzidyetse nayo. Mwana wa m'banja lolemera kuyenda yekha malo otere usiku cinali cinthu codabwitsa kwa anthu a msinkhu wake.

Anaonanso kuti atsikana ogwira nchito m'masitolo analibe malo odyera masana. Malo odyera anali odula, ndipo iwo anali kudya kamba wao ataima m'mbali mwa mseu. Lilias anathandiza kutsegula malo odyera ochipa a azimai ogwira nchito. Taonani kuti diso lomwe lija loona kukongola kwa duwa linali kuonanso mtsikana wanjala amene anthu ena anali kungomupitirira.

Mu 1884 anacitidwa opaleshoni yaing'ono, koma popeza thupi linali lotopa kale, mtima wake unafooka ndipo sunabwererenso mwakale moyo wake wonse.

Wokanidwa ndi madokotala

Mu 1887 Lilias anamva mlaliki wina akufotokoza za anthu a kumpoto kwa Africa amene sanamvepo Uthenga Wabwino. Anamva mumtima kuti Mulungu akumuitana. Pa tsiku limene anakwanitsa zaka 34 analembera bungwe la North Africa Mission kupempha kuti limutume. Bungwelo linamukana cifukwa ca bvuto la mtima lija. Popeza anali ndi ndalama zake za colowa, anaganiza zopita modzilipirira yekha.

Mu March 1888 anafika pa doko la Algiers pamodzi ndi azimai anzake awiri. Mmodzi wa iwo, Blanche Haworth, anakhala naye zaka 30 kufikira imfa yake mu 1918. Atatuwa sanali kudziwa munthu ali yense mu mzindawo, sanali kudziwa Ciarabu, ndipo onse anali ofooka m'thupi.

Dziko la Algeria linali pansi pa ulamuliro wa France kuyambira 1830, ndipo pafupifupi eni dziko onse anali Asilamu. Komatu kalekale m'dziko lomweli munali mipingo yambiri ya Kristu. Augustine, mphunzitsi wamkulu wa mpingo, anabadwira komweko mu 354, ndipo amai ake a Monica anamupempherera zaka zambiri asanatembenuke mtima.

Lilias ndi anzake anayamba ndi kuphunzira cinenero. Pambuyo pake anasamukira ku Casbah, dera lakale la Aarabu la tinjira topapatiza. Azimai a kumeneko sanali kuturuka kawirikawiri m'nyumba zao, conco njira yowafikira inali kudzera mwa ana. Anayambitsa makalasi a atsikana osoka maluwa pa nsalu, ndi makalasi a anyamata. Ana aja ndiwo anali kuwagwira dzanja alendowa ndi kuwalowetsa m'nyumba za amai ao.

Lilias anayendanso maulendo atali kumwera, m'cipululu ca Sahara, nthawi zina pa ngamila. Anafika ku midzi ya mitengo ya kanjedza monga Touggourt, El Oued, ndi Tozeur m'dziko la Tunisia, akugawa mabuku a Uthenga Wabwino. Analemba timabuku ta nthano m'Ciarabu, natikongoletsa ndi zithunzi zojambula yekha m'njira imene Aarabu anali kuikonda. Luso lija limene anaganiza kuti walisiya pa guwa, Mulungu anamubwezera kuti ligwire nchito ina.

Nchito inali yolimba. Boma la France linali kukayikira amishonale a ku England, ndipo kwa zaka zingapo linawatsekereza m'njira zambiri. Anthu ocepa amene anakhulupirira Kristu anali kumenyedwa kapena kupitikitsidwa ndi abale ao. Ena anabwerera m'mbuyo, ena anamwalira msanga. Kawirikawiri Lilias anali kudwala, nakakamizika kupita ku Ulaya kukapuma. Nanga anapirira bwanji zaka 40?

Kuona maso a nkhono

Yankho liri m'mabuku ake olembamo za tsiku ndi tsiku, amene anawasunga pafupifupi zaka zonsezo. M'masamba ake muli mau ndi tizithunzi ta utoto wosungunula ndi madzi: maluwa, mapiri, mcenga wa m'cipululu, kuturuka kwa dzuwa, ndi nkhope za ana ndi azimai a ku Algeria. Anali kupatula nthawi ya m'mawa, n'kupita pa malo a phee, monga m'kankhalango ka pafupi ndi mzinda kapena padenga la nyumba, atatenga Baibulo. Caka ndi caka anali kupatulanso masiku angapo okhala yekha ndi Mulungu.

Kujambula kunali kumukakamiza kudekha. Simungajambule tsamba musanaliyang'ane nthawi yaitali. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayang'ana cotero, vesi limene anawerenga linali kubwera m'maganizo ndi kuunika kwatsopano, ndipo pemphero linali kubadwa pamenepo.

Nazi zitsanzo. Mu 1907 anali wobvutika mumtima poona kuti masiku ake akungothera m'tinchito tosalongosoka, kuceza ndi uyu pang'ono, kuyankha uyo pang'ono. M'mawa wina anaona njuci ikuuluka pa maluwa, ikungokhudza apa ndi apo. Anakumbukira kuti pali ponse pamene njuci yakhudza imasiya ufa umene udzabala cipatso, ngakhale iyo siidziwa. Mtima wake unakhala pansi. Kodi si momwe masiku anu ambiri amathera, amai? Mwaona wodwala, mwaphikira alendo, mwalangiza mtsikana pa citsime, ndipo madzulo mukuti lero sindinacite kanthu.

Mu 1895 anaturutsa buku lochedwa Parables of the Cross, la mafanizo a mtanda, ndipo mu 1899 linatsatira lina lochedwa Parables of the Christ-life. M'mabuku awiriwa anajambula zomera pa misinkhu yake yonse. Cimodzi mwa izo ndi duwa lacikasu la kwao lochedwa dandelion. Likakhwima limasanduka kampira koyera ka tinjere ta ubweya, ndipo mphepo ikaomba limapereka tinjere tonse kufikira litatsala phesi lokha. Iye anaona m'menemo ciphunzitso ca Yohane 12:24, cakuti mbeu imabala zambiri pokhapokha itagwa m'nthaka ndi kufa. Sanali kulemba za cinthu cacilendo kwa iye. Anali atacita zomwezo mu 1879.

Tsiku linanso m'mawa anaona duwa lomwelo m'nkhalango ya mthunzi litayang'ana dzuwa, likuwala ngati nyenyezi. Pa ici analemba kabuku kochedwa Focussed, kolimbikitsa Mkristu kulunjika maso pa Kristu yekha, cifukwa ngakhale zinthu zabwino zikacuruka zimatha kuphimba cinthu copambana. Helen Lemmel atawerenga kabukuka anapeka nyimbo yochedwa The Heavenly Vision, imene inaturuka mu 1918. Nyimboyi, yoitana munthu wolema kuti ayang'ane kwa Yesu, imaimbidwabe m'maiko ambiri.

Nanga lamulo laciwiri?

Mwina wina wa inu akufunsa kuti: kodi ife a mpingo wa Reformed sitiphunzitsidwa kupewa zithunzi pa kupembedza? Funsoli ndi loyenera. Katekisima wa Heidelberg, wa caka ca 1563, pa mafunso 96 mpaka 98, amatiphunzitsa kuti Mulungu sayenera kujambulidwa m'njira iri yonse. Amati zolengedwa zingathe kujambulidwa, koma tisazipembedze kapena kutumikira Mulungu kudzera mwa izo, ndiponso kuti Mulungu afuna kuphunzitsa anthu ake ndi kulalikidwa kwa Mau ake. Pamenepa tiimepo ndithu.

Koma Cibvomerezo ca Belgic, ca caka ca 1561, pa mutu waciwiri, cimanenanso kuti Mulungu timamudziwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi cilengedwe, cimene cimayerekezedwa ndi buku lokongola limene zolengedwa zazikulu ndi zazing'ono ziri ngati zilembo zake. Yaciwiri, yomveka bwino koposa, ndi Mau ake oyera. Masalmo 19 ndi Aroma 1:20 aphunzitsa zomwezo. Ndipo Ambuye Yesu mwini anauza ophunzira ake kuti ayang'anitsitse mbalame ndi maluwa a kuthengo.

Lilias sanali kugwadira zithunzi zake kapena kupemphera kwa izo. Zinali ngati zolemba za mwana wa sukulu amene akukopera zimene Mphunzitsi wamuonetsa. Baibulo ndilo linali kumasulira duwa. Duwa silinali kuonjezera kanthu pa Baibulo. Dongosolo limeneli tikalisunga, maso athu adzatithandiza kupemphera osatisokeretsa.

Zaka zomaliza

Pang'ono ndi pang'ono anchito ena anabwera. Mu 1907 gululi linatenga dzina lakuti Algiers Mission Band, ndipo pofika 1920 linali ndi anchito 30 ndi malo olalikirako 15. Likulu lao linali nyumba yakale ya ku El Biar, pa phiri loyang'ana mzinda wa Algiers, imene anaicha Dar Naama, kutanthauza Nyumba ya Cisomo.

M'maulendo ake a kumwera Lilias anakumana ndi Asilamu a gulu la Sufi, anthu amene amafunafuna Mulungu ndi njala yaikuru mwa kusala kudya ndi kusinkhasinkha. Sanawanyoze. Anakhala nao pansi, nawamvetsera, nawalemekeza. M'zaka zake zomaliza, mtima utafookeratu kotero kuti sanathenso kudzuka pa bedi, anawalembera buku lochedwa The Way of the Sevenfold Secret, limene linaturuka mu 1926. M'bukuli anatenga mau asanu ndi awiri a mu Uthenga wa Yohane amene Yesu adzichula nao, monga mkate, kuunika, khomo, mbusa ndi mpesa, naonetsa kuti njala iri yonse ya mtima wa munthu imakhutitsidwa mwa Iye.

Pafupi ndi bedi lake panapacikidwa mapu a Algeria ndi Tunisia. Miyendo itakana, anali kuyenda ndi maso pa mapu aja, akupempherera mudzi uli wonse ndi wanchito ali yense pomuchula dzina. Anamwalira pa 27 August 1928 ali ndi zaka 75. Amene anali pambali pake anasimba kuti atatsala pang'ono kutsirizika anawauza kuti akuona zinthu zambiri zokongola.

Lilias anamwalira osaona mpingo waukuru umene anaupempherera. Obatizidwa anali ocepa. Patapita zaka zoposa 50, kuyambira m'ma 1980, anthu ambiri a ku Algeria, makamaka a mtundu wa Kabyle wa kumapiri, anayamba kukhulupirira Kristu ndi kukhazikitsa mipingo yao. Kuyambira 2017 boma la dzikolo linatseka nyumba zambiri za mapemphero za mipingo imeneyi. Ndi Mulungu yekha adziwa kuti mbeu iti inabala cipatso citi, monga Paulo anenera pa 1 Akorinto 3:6-7. Ife tiwakumbukire abale ndi alongo athu a ku Algeria m'mapemphero.

Yesani sabata ino

Simufunika utoto kapena luso lojambula kuti mutsate citsanzo ca mai ameneyu. Patulani mphindi 15 m'mawa, ana asanadzuke kapena mutangofika kumunda. Werengani ndime yaifupi ya m'Baibulo kawiri, mosafulumira. Kenaka tengani cinthu cimodzi cimene Mulungu analenga: njere ya cimanga imene yayamba kumera, duwa la dzungu, nshawa yosasenda, kapena nkhuku yofungatira anapiye. Ciyang'aneni nthawi yaitali kuposa mmene munazolowerera. Dzifunseni kuti vesi mwawerenga lija likuti ciani pa cimene mukuonaci, ndiponso pa moyo wanu. Tsono muuzeni Ambuye zimene ziri mumtima. Ngati muli ndi kope, lembanimo mzere umodzi kapena iwiri ndi tsiku lake. Pakapita miyezi mudzawerenga ndi kuona njira imene Mulungu wakuyendetsani.

Mafunso okambirana pa Cigwirizano

1. Lilias anakana cinthu cabwino cifukwa ca cinthu copambana. Ndi zinthu zabwino ziti zimene zimadya nthawi yathu ya pemphero?

2. Muli ndi luso lanji m'manja mwanu? Kodi likutumikira Ambuye, kapena layamba kukulamulirani?

3. Tingalimbikitse bwanji mnzathu amene wapempherera mwamuna wake kapena mwana wake zaka zambiri osaona kusintha?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani cifukwa ca mdzakazi wanu Lilias Trotter. Tsegulani maso athu kuti tione nchito za manja anu, ndipo Mau anu akhale otimasulira zonse zimene tiona. Landirani luso limene munatipatsa, muligwiritse nchito monga mufuna Inu. Limbitsani mpingo wanu ku Algeria, ndipo mutipatse cipiriro ca kufesa ngakhale pamene sitidzakolola ife. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.